Lipoti la ulendo wa ku Johannesburg: kodi kompyuta yonga PlayStation ingalowe m'mashopu athu?

A tcheyamani, a komiti, ndi inu nonse eni mashopu a magemu ku Matero, Chawama, Kanyama, Mtendere ndi Kalingalinga, ndakupatsani moni. Munandituma ku msonkhano wa amalonda ndi amisiri a zipangizo za magemu ku Johannesburg, ndipo lipoti lake ndi ili. Malisiti a basi, a kogona ndi a pakhomo ali kale m'manja mwa a msungichuma. Amene amafunsa pagulu lathu la WhatsApp kuti ndalama yaulendo yapita kuti, akawaone kumeneko.

Zokambirana zoyamba zinali za kutsatsa malonda pa Facebook ndi TikTok, zimene ambiri a ife timachita kale. Panalinso za inshuwalansi ya katundu, koma zonse zinali za malamulo a ku South Africa.

Chimene ndinakhalirapo nthawi yaitali ndi tebulo la mmisiri wina amene analumikiza kakompyuta kakang'ono ku TV yaikulu. Palibe kiyibodi, palibe mbewa. Wangogwira padi, wayatsa, magemu aonekera pomwepo monga zimakhalira pa PlayStation. M'kati mwake munalibe Windows, munali pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta yotchedwa Linux, yoyendetsa magemu a Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti. Iye anakapanga yekha pofuna kutionetsa maganizo amene ali pa Steam Machine, makina amene kampani ya Valve ya ku America inalengeza mu Novembala 2025.

Ndinene zimene Valve inalengeza, chifukwa mkangano wonse unachokera pamenepo. Ndi kabokosi ka mbali zofanana, pafupifupi mainchesi 6 mbali iliyonse. Purosesa ndi khadi la zithunzi n'za AMD. RAM ndi 16GB, ya zithunzi ndi 8GB, ndipo mosungira magemu muli mitundu iwiri, 512GB ndi 2TB. Eni ake akuti mphamvu zake zikuposa za Steam Deck, kakompyuta kawo ka magemu ka m'manja, kuwirikiza ka 6. Si koyamba kuyesa zimenezi. Mu 2015 Valve inagwirizana ndi makampani ngati Alienware kutulutsa makina a dzina lomweli, koma sanayende malonda chifukwa magemu oyenda pa Linux anali ochepa kwambiri. Zinthu zinasintha mu 2018 atatulutsa Proton, pulogalamu imene imachititsa kuti gemu yolembedwera Windows iyende pa Linux. Steam Deck ya m'manja ija, imene inatuluka mu 2022, ndiyo inatsimikizira anthu kuti njirayi ikugwira.

Ndinasewera Tekken 8 pa kakompyuta ka mmisiri uja ndi padi ya PS5, ndipo sindinamve kusiyana kulikonse m'manja. Anaimitsa gemu pakati, n'kukagoneka, n'kukadzutsanso, nkhonya zinapitirira pomwe zinalekera. Abale anga, mtima unandigunda. Ndinaganiza za makompyuta akuluakulu amene ena a ife tinagula, amene mwana akangogwira mbewa wafufuta kale china chake, ndipo Windows imayamba kudzikonza yokha makasitomala ali pamzere.

Poyerekeza ndi desikitopu, kompyuta yaikulu ija, ndiye ndilibe chikayiko, ndipo ndinanena zomwezi m'holo muja. Desikitopu yamphamvu imaposa kabokosika pa kuwala kwa zithunzi, komanso khadi lake ukhoza kuchotsa n'kuikamo lina, pamene pa Steam Machine chimene ungasinthe ndi RAM ndi mosungira basi. Koma ife sitigulitsa kuwala kwa zithunzi. Timagulitsa mphindi za masewera pa magetsi amene sitiwadalira. Valve yati purosesa yake ndi ya mawati 30, khadi la zithunzi mawati 110. Khadi lokha la zithunzi la m'desikitopu la RTX 4070 limadya mawati pafupifupi 200, osawerengera zina zonse za m'bokosi. Amene munali ndi shopu mu 2024, madzi atatsika ku Kariba magetsi n'kumasowa mpaka maola 21 pa tsiku, mukudziwa tanthauzo la manambala amenewa pa batire ndi inivata.

Apa ndiyenera kukumbutsa nkhani imene ikundipweteka. Tinasonkha ndalama kuti tigule mapanelo a sola ndi mabatire pamodzi, kuti mtengo utsike. Chaka chatha, chino chikupita, katundu sanabwere, ndipo nkhaniyi ikangotchulidwa pamsonkhano timauzidwa kuti nthawi yatha. Enanso sanamalize kusonkha koma ndi amene amakhala patsogolo kufunsa za ndalama zanga zaulendo. Tingakambe za makina atsopano usiku wonse, koma makina opanda moto ndi chimodzimodzi mtondo wopanda munsi. Ndikupempha a komiti atiuze tsiku lenileni.

Tsopano kunena za PlayStation, apa mpamene anthu anagawikana. Achinyamata a ku Johannesburg ndi ku Nairobi ankati nthawi ya makonsolo ngati PlayStation yatha. Mfundo zawo n'zomveka: pa Steam sulipira mwezi ndi mwezi kuti usewere pa intaneti monga zilili ndi PlayStation Plus, magemu amatsika mtengo kwambiri nthawi ya maselo, ndipo ngakhale God of War ndi Spider-Man a Sony anafika pa kompyuta mu 2022. Ine ndinaimirira n'kufunsa funso limodzi: nanga mpira?

Mukudziwa nonse kuti shopu ku Lusaka imadya FIFA. Dzina linasintha mu 2023 kukhala EA Sports FC, koma mwana wa ku Kanyama akalowa amangoti FIFA, ndipo ndalama yambiri ya tsiku imachokera pamenepo. Gemu imeneyi pa kompyuta ili ndi pulogalamu yoletsa kubera imene imafuna Windows, ndipo pa SteamOS, Linux ya mu Steam Machine, siyenda. Fortnite ndi Valorant chimodzimodzi, Call of Duty zatsopano chimodzimodzi. Vuto si kuchepa mphamvu kwa makina ayi, ndi eni magemuwo amene sanalole. Mmisiri uja anavomera, n'kunena kuti ukhoza kuikamo Windows popeza ndi kompyuta ndithu. Zoona, koma ukatero wabwerera ku mavuto a desikitopu aja amene umathawa. Onjezaninso kuti GTA VI, imene ana akutifunsa tsiku ndi tsiku, inalengezedwa pa PS5 ndi Xbox Series basi.

Pali zinanso zimene anzathu a kumene intaneti n'njotchipa saziona. Disiki ya PS4 kapena PS5 timagula yakale m'tauni, timabwerekana, tikatopa nayo timagulitsa. Pa Steam palibe disiki. Gemu iliyonse uyenera kukopera pa intaneti, zina zimapitirira 100GB, ndipo ukaigula yakhala ya akaunti yako, sungaigulitse. Kulipira kwake nthawi zambiri kumafuna khadi la kubanki. Valve sigulitsa makina ake mwachindunji kuno ku Zambia, kotero adzabwera kudzera mwa amalonda, ndi msonkho pamwamba, ndipo akawonongeka palibe kobweza. PS4 yatuluka mu 2013 koma mpaka lero amisiri athu a ku Town Centre ndi ku Kamwala amaitsegula, kuipukuta fumbi, kusintha fani, mawa ili pantchito. Ndiponso anthu a Valve ananena okha kuti mtengo wake udzafanana ndi wa kompyuta ya mphamvu zomwezo, osati wotsitsidwa dala monga amachitira opanga makonsolo, amene amabweza ndalama pa magemu.

Pamapeto msonkhano unagwirizana zolimbikitsa mashopu kuyamba kusamukira ku makompyuta a mtundu umenewu. Ine sindinakweze dzanja. Kabokosika ndakakonda kwambiri, ndipo kwa munthu wosewera kunyumba amene amafuna magemu ambirimbiri pa TV yake, ndingamuuze kuti adikire kameneka m'malo mwa desikitopu. Koma ndikumva kuti ena mwa ife ayamba kale kunena zogulitsa ma PS awo. Chonde musatero. Mudzatsala ndi makina okongola m'shopu yopanda anthu, ana onse ali kwa mnzanu amene ali ndi mpira.

Ndipo poti tanena za mnzanu, nkhani ya mitengo sinathe. Tinapangana mtengo umodzi wa gemu, koma alipo amene akutsitsa mobisa, enanso akulowetsa ana ovala yunifolomu nthawi ya sukulu. Makolo akadandaula satchula shopu imodzi, amatitchula tonse. Ku msonkhano kuja ndinamva kuti anzathu ena amachotsa m'gulu munthu wotere, ndipo ine ndikuona kuti ifenso tiyenera kutero.

Pempho langa ndi lakuti tikamaliza za sola, gulu ligule kakompyuta kamodzi kokha ka mtundu umenewu, kaziyenda shopu ndi shopu mwezi umodzi umodzi, kali ndi Tekken, Mortal Kombat ndi magemu a mpikisano wa magalimoto. Aliyense azilemba ndalama imene kalowetsa ndi nthawi imene batire lakhala. Steam ili ndi dongosolo lapadera la ziphaso za magemu a m'mashopu ngati athu, lotchedwa PC Café Program, ndipo ndikupempha a mlembi tikhale pansi tiliwerenge tisanagule gemu ngakhale imodzi. A tcheyamani, nkhani ya sola ikhale yoyamba pa ndondomeko ya msonkhano wa Loweruka.