README yako ija ikunama aise

Aise Kondwani,

Uthenga wako wa projekiti ya app unatisiyira ija ndawuona, akuti "ungopanga git clone basi iyenda yokha," kunena kuti ndingokopera code. Iyenda yokha pa laputopu yako yomwe unapita nayoyo, kuno ayi. README unasiya, fayilo yofotokoza kayendetsedwe ka projekiti ija, ili ndi mizere itatu, wachiwiri ukutchulabe Python 2 pomwe eni akewo anaisiya pa 1 January 2020 ndipo code yako inasamukira ku Python 3 kalekale. Ndapanga venv, malo apadera a Python a projekitiyi, koma mu requirements.txt, mndandanda wa mapulogalamu ofunika, mulibe version ngakhale imodzi ndiye pip, chida choikira mapulogalamuwo, yangokoka Django (maziko a app yathu) yatsopano yomwe sikugwirizana ndi zomwe unalemba.

Tadala wachira, mwana wamkazi, onse ali bwino. Mphatso anasiya ntchito.

Database ndiye yandidyera tulo. Ndikati docker compose up, lamulo lodzutsa app ndi database m'ma container (timabokosi tawotawo), ikuti port 5432, khomo lolowera ku database, ili ndi mwini kale, kumeneko ndi database ya Postgres yakale ija Mphatso anaika pa kompyuta ino osauza munthu. Ndasintha kukhala 5433:5432 yadzuka. Kenako app ikukana kulumikizana nayo chifukwa mu settings unalemba localhost, kutanthauza "kompyuta ino", iwe sudziwa kuti mkati mwa container localhost ndi container yomweyo? Pamafunika dzina la service, db, basi. Liwu limodzi aise.

Koma .env, fayilo yosunga ma password ndi zinsinsi zina, ndiye yandikwiyitsa zenizeni. Kusaiika pa Git, posungira code, unachita bwino, ma password sayenda pagulu, koma ukanasiya .env.example yopanda zinsinsi kuti munthu adziwe mayina okha. Pano ndikusaka os.environ, pomwe code imawerenga mayinawo, fayilo ndi fayilo ngati wataya singano mu udzu, ndapeza SECRET_KEY, DB_HOST, ndi ina yotchedwa KEY2 yomwe ndikhulupilira ngakhale iwe waiwala ntchito yake. Ndiye ndimaganiza usiku kuti projekiti yonseyi ikukhala pa laputopu imodzi kutali uko, batile yake yotupa ija, ukangoigwetsa kapena kuiwala mu sitima ife kuno tatha. Usaiyike pafupi ndi madzi. Usabwereke munthu. Ugone nayo ngati n'kotheka.

Zoseka pambali, mpando wako udakali pomwepo ndipo error ikabwera ndimatembenukabe kuti ndikufunse. Ena sayankha ngati iwe, amangoti funsa Google.

Tumiza mayina a mu .env okha, ma password usatumize pa WhatsApp. Migrate, yopanga ma table mu database, sindinayese, ndikuopa table ya ma user ija unati uikonza usananyamuke.