Mwendo uja asauthowe munthu

Kasungu, Lachitatu usiku

Mnzanga,

Kalata yako yafika, ndipo ndathokoza Mulungu kuti watuluka m'chipatala khanda lili m'manja. Koma iwe ndiwe munthu wotani? Tsamba lonse kudandaula mtengo wa matewera a ku Joni, za magazi oundana m'mwendo n'kuzitchula kumapeto ngati wangopunthwa chala!

Amene aja ndi matenda opha. Mayi akabereka, magazi ake amafulumira kuundana kuti asatayike ambiri, makamaka masabata 6 oyambirira. Kuonjezerapo opaleshoni ndi kugona osayendayenda, amaundana mumtsempha wa mkati mwa katumba kapena ntchafu. Akathothoka pamenepo amakatseka mitsempha ya m'mapapo. N'chifukwa chake mwendowo asausisite munthu, asauthowe ndi madzi otentha, ngakhale apongozi ako atalumbira kuti iwo ana onse asanu ndi atatu anachira ndi kuthowa. Mphini ndiye usayerekeze, poti uli pa mankhwala oletsa magazi kuundana, magazi adzavuta kuleka kutuluka. Ukamva befu mwadzidzidzi, kubaya pachifuwa popuma, kapena ukatsokomola magazi, thamangira kuchipatala usiku womwewo, osadikira bambo a mwana kuti aweruke.

Jakisoni wa enoxaparin, woletsa magazi kuundana uja, uzibaya chonchi: tsina khungu la pamimba, zala zitatu kuchoka pamchombo, kutali ndi bala la opaleshoni, lero kumanja mawa kumanzere. Ukazula singano usatikite, pamachita chikanga chakuda. Warfarin, mapiritsi ogwira ntchito yomweyo, amachedwa kugwira, choncho jakisoni usamusiye asanakwane masiku 5 komanso INR (muyeso wa kuchipatala woonetsa mmene magazi akuchedwera kuundana) isanafike pakati pa 2 ndi 3. Mankhwalawa ndi a miyezi itatu kapena kuposerapo, osati mwendo ukangophwa basi. Mwana aziyamwa, onse awiriwa sam'pweteka. Mutu ukawawa imwa Panado. Brufen ndi aspirin ayi. Wina akafuna kukupatsa Bactrim kapena Flagyl umuuze kuti uli pa warfarin, chifukwa zimam'wonjezera mphamvu. Kamfuno, nkhama kutuluka magazi, chimbudzi chakuda bii, zonsezo ukanene.

Tsono chandisowetsa tulo ndi mfutso. Mayi ako ayanika nkhwani ndi khwanya bwalo lonse, akuti thumba lathunthu likwere basi ya Loweruka, mwana wawo abwezeretse magazi. Masamba obiriwira ali ndi vitamini K, amene amafooketsa warfarin. Sindikuti usadye, koma muyeso ukhale umodzimodzi tsiku ndi tsiku. Ndikukudziwa iwe, thumbalo likafika udzadya mfutso wotendera m'mawa, masana ndi usiku sabata yonse, kenako n'kubwerera ku nkhuku zako za m'firiji, INR n'kumakwera ndi kutsika ngati mtengo wa fodya ku Chinkhoma. Ndinayesa kuwafotokozera mayi ako, anangondiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Azakhali ako a ku Santhe nawonso aonjezerapo chigwada.

Zobwera kuno pa Khirisimasi kudzaonetsa mwana, yamba wafunsa dokotala wako. Masiku awiri miyendo itapindika m'basi ndi zomwe zimaitana matendawa.

Za kulera, mapiritsi okhala ndi estrogen kwa iwe atha basi. Funsa za lupu kapena kachipangizo ka pamkono, ndipo usachedwe, chifukwa warfarin amawononga mwana m'mimba. Mimba ina ikadzabwera ukanene kusikelo tsiku loyamba kuti

Magetsi azimanso. Ndidzapitiriza, mupsompsone mwanayo.

Ine mnzako