Kufufuta zonse mu foni si kumene kumafulumizitsa intaneti

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere kwa miyezi ingapo tsopano. Ine ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndipo ndimakhala ku Mufakose muno mu Harare, kumene makolo anga anakhazikika atachoka ku Dedza kudzafuna ntchito. Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, azigogo ndi amayi angapo amandipatsa mafoni awo kuti ndiwaonere chimene chikuchedwetsa masamba a pa intaneti kutseguka, makamaka akafuna kuwerenga nkhani za kumudzi. Ambiri a iwo amandiuza zofanana: anapita kwa mnyamata wokonza mafoni pamsika, anamulipira dola imodzi kapena ziwiri, ndipo iye anafufuta zonse zimene browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) inasunga n'kuwalangiza kuti azichita zimenezo sabata iliyonse. Langizo limeneli ndi limene ndikufuna kulitsutsa, chifukwa likudyera okalamba athu ndalama za data zimene amazipeza movutikira.

Browser, kaya ndi Chrome, Firefox kapena ina iliyonse, ili ndi nkhokwe yake yotchedwa cache. Mukatsegula tsamba koyamba, imasunga m'nkhokwemo zithunzi, zilembo ndi zina zimene sizisintha kawirikawiri, kuti mukadzabweranso mawa isakazitengenso kutali. Munthu amene amafufuta cache sabata iliyonse akufanana ndi mayi amene wataya madzi onse a mumtsuko madzulo, kenaka n'kumadandaula kuti m'mawa akuyenera kuyamba wapita kuchitsime. Tsamba lililonse limatengedwanso lathunthu, nthawi imatha, ndipo bandulo imatha nayo. Kufufuta cache kuli ndi malo ake, monga pamene tsamba likuoneka losokonekera kapena pamene foni yadzaziratu, koma si mankhwala omwa mlungu ndi mlungu.

Zimene ndaona kuti zimathandizadi zili mu Settings momwemo, ndipo sizilira ndalama. Mu Chrome ya pa Android, pansi pa Privacy and security, pali malo olembedwa kuti Preload pages. Browser ikaloledwa kutero, imayamba kutenga masamba amene ikuganiza kuti muwatsegula inu musanawagunde n'komwe. Kwa munthu amene ali pa Wi-Fi ya kuntchito zimenezi ndi zabwino, pakuti tsamba limatseguka nthawi yomweyo, koma kwa agogo amene agula bandulo yaing'ono ndi kuononga, chifukwa akulipirira masamba amene mwina sawawerenga. Ine ndimawasankhira No preloading, ndipo ndimawafotokozera chifukwa chake kuti akadzafuna kusintha adzasinthe okha akudziwa chimene akuchita.

Katundu wolemera kwambiri pa masamba a masiku ano si mawu amene tikufuna kuwerenga ayi, koma mavidiyo oyamba okha, zotsatsa malonda ndi timapulogalamu tobisika tolondola zimene munthu akuchita pa intaneti. Pa nkhani imeneyi Firefox imandikhutiritsa, chifukwa imalola kuletsa mavidiyo kuyamba okha, ndipo mukaika Enhanced Tracking Protection pa Strict imatsekereza tambiri mwa timapulogalamu timeneti, ngakhale kuti tsamba lina likhoza kukana kugwira bwino ntchito mpaka mutalimasulira. Ilinso ndi kachizindikiro kosonyeza mawu okhaokha a nkhani popanda zokongoletsa, ndipo okalamba a maso ofooka amakakonda kwambiri. Ndionjezerepo kuti foni ina imene ndinapatsidwa inali ndi masamba oposa 60 otsegulidwa, mwini wake asakudziwa kuti amatsekedwa. Nawonso a pa kompyuta achotse ma extension (timapulogalamu toonjezera pa browser) amene sakuwagwiritsa ntchito.

Achinyamata ena amauzabe anthu kuti ayatse Lite mode, njira yochepetsera kudya kwa data, mu Chrome. Imeneyi Google inaichotsa mu 2022 pamene inatulutsa Chrome 100, choncho musataye nthawi kuifunafuna. Chimene chilipobe ndi Data Saver ya foni yeniyeniyo, imene imaletsa mapulogalamu ambiri kudya data mobisa inu mukuwerenga. Palinso browser ina yotchedwa Opera Mini, imene imapititsa tsamba ku makompyuta a kampani ya Opera kuti alichepetse lisanafike kwa inu. Pamene netiweki yafooka imathandiza zedi, koma poti tsambalo limadzera m'manja mwa ena, ine sindiigwiritsa ntchito pa zinthu za ku banki.

Ndiyenera kunena moona mtima kuti pali kuchedwa kwina kumene Settings singakuthetse. Zimbabwe, monganso Malawi, ilibe gombe la nyanja yaikulu, ndipo intaneti yathu imadalira zingwe zodzera ku Mozambique ndi ku South Africa kukalumikizana ndi zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM, imene inayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010. Tsamba losungidwa ku Ulaya limayenda mtunda wonsewo. Magetsi akazima kwa maola ambiri, nsanja za netiweki zimadalira mabatire ndi majenereta, ndipo madzulo, anthu onse akaweruka, nsanja imodzi imagawidwa pakati pa mafoni ochuluka. Pa nthawi zoterozo vuto silili mu foni ya agogo, ndipo kuwalipiritsa kuti "ikonzedwe" ndi kuwalakwira.

Pempho langa kwa inu, akonzi, lili pawiri. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zimene malamulo a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amazivomereza, komabe malangizo a zinthu ngati izi sapezeka m'chilankhulo chathu, choncho mutipatseko kadanga kakang'ono mwezi uliwonse kofotokoza za mafoni m'Chichewa chomveka. Chachiwiri, muwauze amene amakonza tsamba lanu la pa intaneti kuti azichepetsa kukula kwa zithunzi ndipo asaike mavidiyo oyamba okha, chifukwa owerenga anu a ku Mufakose, Mbare ndi Epworth amalipira okha data ya chithunzi chilichonse chimene mwaika.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Mufakose, Harare