Nkhani ya nyanja: umwini padera, kagwiritsidwe ntchito padera

Akonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa mkangano wa malire a nyanja ya Malawi pakati pa dziko lathu ndi Tanzania, womwe umazilala kenako n'kubukanso.

Gwero lake ndi pangano la Heligoland la 1890 pakati pa Britain ndi Germany, lomwe lidaika malire m'mphepete mwa nyanja chakum'mawa. Malawi imatsamira pamenepo, komanso pa mfundo ya 1964 ya bungwe lakale la mayiko a mu Africa la OAU yoti malire omwe mayiko adawapeza polandira ufulu alemekezedwe. Tanzania imati malire adutse pakati pa madzi. Nkhani idafika pamponda chimera mu 2012, boma lathu litapereka chilolezo chofufuza mafuta kwa kampani ya Surestream mu 2011. Atsogoleri opuma, a Joaquim Chissano a ku Mozambique, a Thabo Mbeki a ku South Africa ndi a Festus Mogae a ku Botswana, adayesa kukhala amkhalapakati, koma zokambirana zidaima mu 2014.

Chidavuta n'chakuti mkhalapakati sagamula mlandu, ndipo palibe mtsogoleri angagonje pa umwini wa nyanja chisankho chili pakhomo. Za umwini zipite ku bwalo loweruza milandu ya pakati pa mayiko la ICJ ku The Hague. Koma Malawi singangosuma yokha, poti Tanzania sidavomereze kuti bwaloli lizitha kuizenga mlandu popanda chilolezo chake. Pafunika pangano lapadera lotchula funso lenileni lomwe oweruza ayankhe, nthawi yoperekera zikalata, ndi lonjezo loti wogonja adzamvera. Botswana ndi Namibia adatero mu 1996 pa chilumba cha Kasikili/Sedudu. Chigamulo chidatuluka mu 1999 ndipo Namibia, ngakhale idagonja, idachilandira.

Chigamulo pachokha sichikwanira. Cameroon idapambana mlandu wa dera la Bakassi, lomwe inkalimbirana ndi Nigeria, mu 2002, koma Nigeria idamaliza kuchoka mu 2008, patasainidwa kaye pangano la Greentree la 2006 loteteza anthu okhala m'deralo.

Podikira zonsezi, msodzi wa usipa ku Karonga ndi mnzake wa ku Kyela ku Tanzania asavutike. Mayiko awiriwa agwirizane pa kukula kwa maso a ukonde, miyezi yotseka nyanja, ndi momwe angabwezere msodzi wogwidwa pamodzi ndi bwato ndi chilimira chake. Apolisi a panyanja a mbali ziwirizi akhale ndi nambala yoimbirana asanamange munthu. Za mafuta ziyambe zaima, kapena agawane monga adachitira Nigeria ndi São Tomé mu 2001: 60 kwa 40 pa 100 iliyonse. Chachikulu, m'pangano lotere mulembedwe kuti kusaina sikutaya umwini. Popanda mawu amenewa, maloya a boma sangalole nduna kugwira cholembera.

Poyambira palipo kale. Mayikowa ali ndi komishoni imodzi yoyang'anira mtsinje wa Songwe, womwe umasuntha khwawa lake n'kusokoneza malire. Nduna zathu zipemphe kuti ntchito ngati imeneyi ifikenso panyanja.

Owerenga okhudzidwa,
Karonga