Msewu wa Liwonde, Mangochi mpaka Chiponde sufuna liwiro

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi ndilankhule ndi abale amene amabwera kuno ku Mangochi nthawi ya tchuthi. Ambiri akangopatuka pa Liwonde amaponda moto mpaka kunyanja, osadziwa kuti msewu wa M3 ukudutsa m'dziko la mafumu achiyao Mponda ndi Jalasi, momwe kale munkadutsa malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Msewu umenewu ndi woyenda mofatsa, ukuimaima.

Kuchoka pa Liwonde kufika pa boma ndi makilomita pafupifupi 75, ndipo tala wake ndi wabwino. Ubwino womwewo ndi umene umapusitsa madalaivala. Pa Ulongwe, pa Chimwala ndi m'misika ina ing'onoing'ono musapitirire liwiro la makilomita 50 pa ola, chifukwa akabaza, mbuzi ndi ana amatulukira paliponse. Lachisanu masana chenjerani kwambiri, anthu amakhala akuwoloka msewu kupita kumzikiti. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha koopsa, choncho mpweya wa m'matayala muyeze m'mawa galimoto isanayende. Tayala lochepa mpweya limapindika m'mbali, limatentha, kenako limaphulika. Musaiwale kuyeza la sipeya lomwe, ndipo jeke, sipanala ndi malita 5 a madzi zikhale m'galimoto.

Mukafika pa boma imani, ngakhale ola limodzi. Tawuniyi inkatchedwa Fort Johnston, ndipo linga loyamba azungu analimanga mu 1891 kutsidya kwa Shire. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi ya mu 1903 yokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya m'sitima ya Angerezi ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ku gombe la Liuli pa nyanja ya Malawi, lomwe lero lili ku Tanzania, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum ili chapafupi, mutha kupita wapansi. N'zomvetsa chisoni kuti ana athu ena amadutsa pamenepa tsiku ndi tsiku koma akafunsidwa za mfutiyo amangoti ndi ya azungu.

Mafuta thirani pa boma musanawoloke mlatho. Kuchoka apo kupita ku Namwera ndi Chiponde, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndiye pamene pali ntchito. Chikweza cha Chowe ndi chachitali, cha makona okhota kwambiri. Pokwera, diso lisachoke pa singano ya kutentha kwa injini. Ikayandikira pofiira, imani pamalo oonekera bwino, ikani mwala kutayala, dikirani injini izizire kwa mphindi 30. Chitsekero cha rediyeta musachitsekule ikadali yotentha, madzi owira amakuthovukirani kumaso.

Koma choopsa chenicheni ndi potsika. Ena amachotsa giya kuti asunge mafuta, n'kumadalira mabuleki okha. Mabuleki akapondedwa osapumira amatentha, mafuta ake amawira, ndipo phazi limangolowa pansi galimoto osaima. Fungo la chopserera ndilo chenjezo loyamba. Lowetsani giya yachiwiri mtsetse usanayambe, injini izigwira galimoto yokha, buleki muziponda mwamphamvu pang'ono n'kusiya. A galimoto za otomatiki ikani pa 2 kapena pa L. Mu Juni ndi Julayi pamwambapo pamagwa nkhungu m'mamawa, ndiye yatsani magetsi, ndipo musayerekeze kupitirira lole pakona.

Kumapiri komweko, m'nkhalango ya Mangochi, kuli mabwinja a Fort Mangochi, linga lomwe linamangidwa Jalasi atagonjetsedwa mu 1895. Kumeneko kumafika wapansi, ndi nsapato zolimba komanso munthu wa m'deralo wokulondolerani njira. Pa Chiponde ndi pamalire ndi Mozambique. Amene akufuna kukaona tawuni ya Mandimba ku Mozambique atenge pasipoti kapena chiphaso cha pamalire, ndi mapepala onse a galimoto.

Za chambo chogula m'mbali mwa msewu: tsegulani makha, akhale ofiira, maso owala. Chizolowezi chomangirira nsomba pagalasi la m'mbali n'chothandiza paulendo waufupi, koma wopita ku Blantyre dzuwa lili paliwombo aitumbule n'kuiika m'bokosi la ayezi.

Pempho langa kwa a khonsolo ya Mangochi ndi a Roads Authority ndi lakuti aike zikwangwani za m'Chichewa ndi m'Chiyao zofotokoza mbiri ya malo amenewa, ndi china chachikulu pamwamba pa Chowe chouza madalaivala kuti alowetse giya yaing'ono.

Wokonda za maulendo,
Mangochi boma