Olemba ntchito inu, kungoyankha kokha kukukanikaninso?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera mwa inu, chifukwa ndikalemba pa Facebook amayamba kundiseka ndi anzanga omwe, ena nkumati man dekhani, kuona maso a nkhono nkudekha. Ndadekha zaka zitatu, nkhonoyo maso ake sindinawaonebe. Ine ndinamaliza ku Bunda mu 2022, digiri ya za ulimi ndi bizinesi, ndipo kalatayi ndikulemba ndili pa mpando wa pabalaza kwa achimwene ku Area 25, mpando omwewu ndi umene ndimagonapo usiku ana akatha kuonera TV. Sindikupempha kuti mundimvere chisoni ayi. Nkhani yanga ndi yoti kufunsira ntchito kuno kwathu kukufuna ndalama ngati geni, ndipo amene akutulutsa ndalamazo ndi ife amene tilibe olo kobiri, pomwe olembawo ka SMS kongoti pepani simunapambane kakuwakanika kutumiza.

Tsiku la graduation amayi anachokera kumudzi cha ku Mponela mbandakucha, atavala chitenje chatsopano chimene anachisunga miyezi iwiri mu sutikesi, ndipo dzina langa litatchulidwa nthungululu yawo ndinaimva ndili kutsogolo komwe kuja, sindikunama. Bambo sanayankhule zambiri, anangogwira gawuni yanga ija nkumaisisita ngati akufuna kudziwa mtengo wa nsaluyo. Iwowa anagulitsa ngolo ndili chaka chachitatu kuti ndipeze ya lendi ndi ya chakudya, ngongole ya ku Loans Board inali isakukwana. Chithunzi cha tsikulo chili mu fulemu pakhoma kumudzi, pafupi ndi kalendala ya kutchalitchi, ndipo aliyense wolowa m'nyumbamo amaonetsedwa. Kuyambira tsiku limenelo anthu a m'mudzi amandiitana kuti a bwana. A bwana oti thiransipoti yobwerera ku Lilongwe amachita kupatsidwa ndi mayi awo ya tomato.

Nde tiyeni tiwerengere limodzi zimene munthu amawononga pa ntchito imodzi imene waiona mu nyuzi. Poyamba bandulo, kuti uione ntchitoyo. Kenako kupulinta kalata ndi CV, fotokope ya digiri, ya MSCE, ya chiphaso cha unzika, ena amafuna mpaka transcript, ndipo amalemba kuti zonsezi zikhale zodindidwa, ndiye uyende kukasaka wodinda naye umusiyireko kenakake. Envelopu yaikulu ija. Minibasi yopita ku City Centre kapena ku Kanengo kukaponya mu bokosi pa geti, ulonda nkukuyang'ana ngati wabwera kudzaba. Enanso amati tumizani pa positi ku Private Bag yakutiyakuti, chaka chino abale, pomwe ofesi yomweyo ili ndi imelo ndi intaneti yoti antchito amaonerapo mpira. Ukaphatikiza, ntchito imodzi yokha yadya ndalama ya ndiwo ya masiku angapo, ndipo ine ndili ndi kope limene ndimalembamo ntchito iliyonse imene ndafunsira, ndinasiya kuwerenga nditadutsa 60. Mwa zonsezo amene anandiyankha kuti ayi ndi anayi. Anayi basi. Enawo ziii, ngati envelopu ija ndinaiponya mu Lingadzi.

Imene inandiwawa kwambiri ndi ya ku Blantyre chaka chatha. Kampani ina, sinditchula dzina, inandiimbira Lachitatu madzulo kuti Lachisanu 8 koloko mammawa ndikapezeke ku intavyu. Achimwene anakatenga ndalama ku banki nkhonde ya alamu anga, suti ndinabwereka kwa mnzanga wa kutchalitchi, manja ake aafupi moti ndimachita kubisa mikono pansi pa tebulo. Ndinakwera basi Lachinayi, kukagona pansi kwa mnzanga ku Zingwangwa, mammawa kusita malaya ndi ayironi ya makala poti magetsi kunalibe. Kufika kuja tinalipo anthu odzadza khonde lonse, malo ake amodzi. Wina anachokera ku Karonga, mtsikana, anali atayenda usiku onse ndipo nsapato za intavyu anazinyamula mu jumbo nkuvalira pa geti pomwepo. Tinadikira mpaka cha m'ma 2 koloko opanda olo madzi, kulowa mkati mafunso atatu, mphindi zosakwana 10, mmodzi mwa ofunsawo maso ali pa foni nthawi yonseyo. Anati tikuimbirani sabata ya mawa. Sabata ya mawayo mpaka lero sinafike. Thiransipoti sanabweze, sanaitchule nkomwe. Patapita mwezi ndinamva kwa wina wodziwa za mkatimo kuti pa mpandopo panali kale munthu amene amagwira, intavyu inali yongokwaniritsa mwambo kuti mafayilo aoneke bwino. Ngati zinalidi choncho bwanji osangomulemba munthu wanuyo mwakachetechete, kusiyana nkuti mtsikana achoke ku Karonga pa ndalama yokongola kudzakhala chokongoletsera fayilo yanu? Alamu anga anabweza ngongole ija ndi chiwongola dzanja chake, sanandinenepo kanthu, koma kusanenako nkumene kumapweteka.

Kenako pali nyimbo ija ya experience. Ntchito yoyambira, malipiro ake ochepa, koma akufuna munthu wa zaka zisanu akugwira ntchito, laisensi ya galimoto kapena ya njinga yamoto, komanso asapitirire zaka 30. Munthu ameneyu anabadwira mu ofesi kapena? Boma linayambitsa pologalamu ya ma intern mu 2018, achinyamata nkumatumizidwa m'maofesi a boma akulandira K80,000 pamwezi nthawi imeneyo, ndipo ganizolo linali labwino ndithu, anzanga angapo anadutsamo anaphunzira zambiri. Koma ikatha nthawi yako umabwerera kunyumba, ndipo ukalemba pa CV mabwana ena amati imeneyo si experience yeniyeni. Nanga yeniyeniyo imagulitsidwa kuti, tikagule?

Ndisaiwale, zinthu zinasinthanso pansi pa mapazi athu tili chiimire. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ife tikumaliza kumene, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Pepala, inki, minibasi, lendi, zonse zinakwera, koma ndondomeko yofunsira ntchito ili momwe inalili nthawi ya makolo athu pamene yunivesite inali imodzi yokha dziko lonse ndipo omaliza amachita kudikiriridwa ndi ntchito pakhomo. Lero kuli UNIMA ku Zomba, MUBAS imene tinkaiti Poly, KUHeS, LUANAR, Mzuni, MUST ku Thyolo, osawerengera za mipingo ndi za anthu wamba zimene zadzadza m'matauni, ndipo chaka chilichonse onsewa akutulutsa anthu ovala magawuni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osafika zaka 18, kutanthauza kuti gulu limene likubwera m'mbuyo mwathumu ndi lalikulu kuposa ife. Tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni pa kampeni ya 2020, za zimenezo aliyense ali ndi maganizo ake ndipo sindikufuna kalatayi isanduke ya ndale. Koma chaka chomwecho tinaona ku Mzuzu anthu akupondana mpaka kuvulala pa ma walk-in interview a ntchito za umoyo, ndipo amene anaona zithunzi zija sangamanenenso kuti achinyamata ndi aulesi.

Gulu lathu la WhatsApp la kalasi ndi limene limandionetsa bwino m'mene moyo watimwazira. Chaka choyamba munali phokoso, kutumizirana ma vacancy, kusekana, kulonjezana kuti woyamba kulandira salale agula mowa. Pano muli ziii. Awiri anapeza ntchito ku mabungwe ndipo sayankhulamo, sindikuwada, mwina akuopa kupemphedwa. Mmodzi anapita ku Israel kukagwira m'minda nthawi ija anthu anayamba kupita kumapeto kwa 2023, digiri ya ulimi nkumakathyola zipatso za eni, koma ndi yekhayo amene wayamba kumanga kwawo ndiye tisekerenji. Wina ali ku Joni, amati akugwira mu shopu. Mtsikana wina amene ankatiposa tonse m'kalasi anapeza sikolashipu ya masters kunja, atamaliza anabwerera, pano tikuponya limodzi ma envelopu, iyeyo akumuuzanso kuti waphunzira mopitirira. Zimene zimadzutsa gululi ndi makadi a chinkhoswe ndi ukwati basi, ndi uthenga wa maliro. Ukaona khadi umasangalala, kenako umayamba kuwerengera ya pelekanipelekani, mapeto ake umangolemba kuti zabwino zonse nkuzimitsa data. Inenso ndili naye wanga amene wandidikira kuyambira tili chaka chachiwiri, kwawo ayamba kufunsa kuti kodi ankhoswe abwera liti, ndipo ine ndingawatume bwanji amalume pomwe ndikugona pa mpando wa eni.

Ndikudziwa ena awerenga nkunena zija timazimva pa msonkhano uliwonse, kuti musamadikire kulembedwa, dzilembeni nokha ntchito. Amene amanena zimenezi nthawi zambiri amakhala oti iwowo ali pa salale, galimoto ya ku ofesi ikuwadikira panja. Sikuti takhala manja lende. Ine ndimaoda soya ndi mtedza kumudzi nkumagulitsa, ndimaphunzitsanso ana a Fomu 4 masamu ndi sayansi madzulo, ndiye ndalama ya ma envelopu imachokera kumeneko. Koma geni yoti ikule imafuna mpamba, ku banki akufuna chikole, ndipo mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndiye wamba ngati ine akandikongoza pa zingati? Chikole changa ndi chithunzi chili pakhoma chija. Ngongole ya sukulu nayo ikundidikira, ndipo sindikuikana, ndalamazo ndinadya ndine ndipo ndikufuna ndibweze kuti mng'ono wanga amene ali Fomu 3 adzapezenso, koma ndibweza kuchokera pati.

Sindikunena kuti kampani iliyonse itilembe tonse, malo ndi ochepa tikudziwa. Ndikupempha zinthu zoti sizifuna bajeti ya Nyumba ya Malamulo. Landirani makalata pa imelo, ndipo mapepala odindidwa muziwafuna kwa okhawo amene mwawasankha, osati kwa anthu mazanamazana oti ma envelopu awo mukawotcha osatsegula. Kusefa koyamba chitani pa foni, munthu wa ku Karonga kapena ku Nsanje asakwere basi chifukwa cha mafunso atatu, ndipo mukamuitana mubwezereni thiransipoti olo theka. Lembani malipiro pa chidziwitso pomwepo kuti munthu adziwe ngati nkoyenera kukongola. Ngati muli naye kale munthu wanu musatiitane. Ndipo koposa zonse yankhani. Mawu oti "amene sadzamva kuchokera kwa ife adziwe kuti sanapambane" ndi ulesi chabe, munthu amakhala miyezi itatu foni ili m'manja, kukana kupita kumudzi kukathandiza kukolola poopa kuti netiweki ikavuta nkuphonya kuitanidwa. A unduna wa za ntchito ndi mabungwe a olemba anthu ntchito angathe kukhala pansi nkugwirizana kuti izi zikhale lamulo la aliyense wotsatsa ntchito, sizovuta.

Kwa azakhali ndi amalume athu, tikakumana pa maliro kapena pa ukwati, funso lija loti "nanga zantchito zili pati" muzilisiyako nthawi zina. Ikadzapezeka simudzachita kufunsa, mudzamva nthungululu ya amayi kuchokera ku Mponela.

Pali ntchito ina ikutseka Lachisanu likudzali, akufuna makope atatu a chilichonse, odindidwa, pa positi. Ndagulitsa ndowa ya mtedza dzulo, mawa ndilawirira kokapulinta magetsi asanazime.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe