Chilengezo: Mphatso za mwana wathu wopita ku MAFCO

Amayi ndi abambo a m'gulu lathu, tikukudziwitsani kuti mnyamata wa amayi asungichuma athu, amene wangokhoza mayeso a MSCE, watengedwa kukachita maphunziro a usilikali ku Malawi Armed Forces College (MAFCO), konkuno ku Salima. Komiti yagwirizana kuti timutsanzike ndi mphatso.

Chonde tisagule chilichonse tisanaone mndandanda wa katundu amene aloledwa kupita naye. Amayi ake aubweretsa pa msonkhano wa Loweruka likudzali. Yunifolomu ndi nsapato za usilikali adzalandira komweko, choncho zovala zamawangamawanga zogula pamsika ayi. Masuti, pefyumu ndi chikwama chachikulu tizisiye kaye, zimenezo zidzamuyenera tsiku lomaliza maphunziro.

Zomwe zidzamuthandize ndi zazing'onozing'ono. Masokosi okhuthala akhale ambiri ndithu, chifukwa wothamanga ndi kuguba tsiku ndi tsiku m'kutentha kwa kuno kunyanja amatuluka matuza msanga. Ena agule polishi wakuda ndi burashi, singano ndi ulusi, loko wolimba, tochi, sopo, ndi mafuta othamangitsa udzudzu, poti udzudzu wa mbali ya ku Senga Bay tonse timaudziwa. Wotchi ikhale yotsika mtengo, yosalowa madzi. Ife tikuona kuti imeneyi igulidwe ndi gulu lonse, osati aliyense yakeyake.

Amene akufuna kupereka ndalama atumize kwa alembi pa Airtel Money kapena TNM Mpamba pasanafike Lachisanu. Aliyense apereke monga angathere, ndipo mayina a opereka sadzawerengedwa pagulu.

Komiti